Liwu Loti "Bosi" ndi Maulendo Ake Awiri

 Nkhani yathu ya lero ndi ya liwu limodzi lalifupi limene ambiri a ife timalitchula tsiku ndi tsiku osaliganizira n'komwe. Liwulo ndi "bosi". Mnyamata woitanira minibasi amalifuula pofuna kukopa wokwera. Kalaliki amanong'oneza mnzake liwu lomweli akamva mgugu wa nsapato za mkulu wa pantchito. Wogulitsa pamsika amalitchula pofuna kuti wogula achite manyazi kunenerera mtengo. Koma mukakhala pansi ndi mkulu amene adagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni kapena m'mafamu a ku Transvaal, adzakuuzani kuti iye amalidziwa liwuli m'katchulidwe kena, koti "baas", ndipo ambiri mwa akuluakuluwo salitchula ndi nkhope yosekerera.

Mawu awiriwa ndi liwu limodzi. Kwawo kwenikweni ndi ku Netherlands, dziko laling'ono la ku Ulaya limene ambiri timalitcha Holland, ndipo eni ake ndi Adatchi. Lidachoka kumeneko pa zombo m'zaka za m'ma 1600, ndipo lidagwira njira ziwiri. Njira imodzi idalifikitsa ku Amereka, kumene antchito adalilandira kuti liwachotsere manyazi. Njira ina idalifikitsa ku Cape, kumwera kwenikweni kwa Afirika, kumene lidasanduka liwu lochititsa munthu manyaziwo. Tiyeni tilitsate pang'onopang'ono, poti akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi zinenero ziwirizi. Chingerezi ndi Chidatchi n'zapachibale, monga momwe Chichewa chilili pachibale ndi Chitumbuka, Chisena kapena Chizulu. Makolo a Angerezi adawoloka nyanja kuchokera ku magombe a kumpoto kwa Jeremani, Denmark ndi Netherlands zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo adasiya abale awo kutsidyako akulankhula zofanana nawo. N'chifukwa chake mpaka lero madzi ndi "water" m'zinenero zonse ziwiri, dzanja ndi "hand", ndipo nyengo yozizira ndi "winter", ngakhale katchulidwe kamasiyana pang'ono. Mawu otere palibe amene adabwereka kwa mnzake. Onse adawalandira kwa kholo limodzi, monga momwe ife timati munthu, Mzulu n'kumati umuntu. Koma alipo mawu ena amene chinenero chimachita kubwereka, monga momwe ife tidatengera "nsapato" ndi "kapitawo" kwa Apwitikizi. Liwu lathu la lero lili m'gulu lachiwirili. Angerezi akale adalibe liwu limeneli. Adachita kulitola kwa Adatchi.

M'Chidatchi chakale liwuli linkalembedwa "baes". M'buku lotanthauzira mawu limene Cornelis Kiliaan adatulutsa ku Antwerp m'chaka cha 1599, tanthauzo lake lidali mwini nyumba, tate wa banja, ndiponso bwenzi. Munthu ankatha kulinena kwa mkulu wa pakhomo, ankathanso kulinena kwa mnzake, monga momwe ife timachitira ndi mawu oti "achimwene" kapena "akulu". Akatswiri ena a zinenero amaliyerekeza ndi liwu la Chijeremani loti "Base", limene kale linkatanthauza mlongo wa bambo, amene ife timati azakhali, ndipo pambuyo pake lidayamba kutanthauza msuweni wamkazi. Iwo amati mawu onse awiri adayamba ngati mawu a ana poitana wachibale wamkulu. Akatswiri ena sagwirizana nazo zimenezi. Koma chimene chili poyera m'mabuku akalewo n'chakuti "baas" lidali liwu la pakhomo, lonenedwa pakati pa anthu odziwana ndi odyera pamodzi.

Ife Amalawi izi siziyenera kutidabwitsa. Liwu lathu loti "ambuye" m'madera ena limanena agogo, m'madera ena limanena malume, mwini mbumba. Koma ndi liwu lomwelo limene kapolo ankaitanira munthu amene adamugula. Nalonso liwu loti "bwana", limene tidalandira kwa Aswahili, akatswiri ambiri amati lidachokera ku liwu la Chiarabu loti "abuna", kutanthauza kuti atate athu. Zikuoneka kuti mitundu yambiri ya anthu, pofuna dzina la munthu wolamula, idayamba yayang'ana m'banja, chifukwa wolamula woyamba amene mwana amamudziwa ndi yemwe amamudyetsa ndi kumuveka.

M'matauni a Adatchi monga Amsterdam, Haarlem ndi Leiden, liwuli lidalowa m'nyumba za amisiri. Mmisiri wa matabwa, wosula zitsulo, wowomba nsalu kapena wokhoma zombo, akakhala ndi malo akeake ogwirira ntchito ndi anyamata omuthandiza, ankatchedwa baas. Mnyamata wofuna kuphunzira umisiri ankaperekedwa ndi makolo ake kwa mmisiriyo kwa zaka zingapo, ndipo kawirikawiri ankagona ndi kudya pakhomo pomwepo. Amisiri a ntchito imodzi adali ndi bungwe lawo, ndipo m'mabungwe ambiri munthu sankaloledwa kutsekula malo akeake asanapange chinthu choonetsa luso lake pamaso pa akuluakulu a bungwelo. Tsono baas wa masiku amenewo adali munthu wodziwa ntchito kuposa onse amene ankawalamula, ndipo wophunzira aliyense ankayembekeza kuti tsiku lina nayenso adzakhala baas. Mfundo imeneyi muisunge, omvera, chifukwa tidzaifuna tikafika ku Cape.

Zaka za m'ma 1600 zidali zaka za Adatchi panyanja. M'chaka cha 1602 adakhazikitsa kampani yaikulu ya malonda a kum'mawa, imene inkadziwika ndi zilembo zoti VOC, ndipo m'chaka cha 1621 adakhazikitsa ina ya malonda a kumadzulo. Zombo zawo zidafika ku Java, ku Japan, ku Brazil ndi ku magombe a kumadzulo kwa Afirika, ndipo kulikonse kumene zidakocheza zidasiyako mawu. Adatchi adalamula magombe a chilumba cha Ceylon, chimene lero ndi Sri Lanka, kufikira chaka cha 1796, ndipo mpaka lero anthu olankhula Chisinhala amatcha mmisiri womanga nyumba, wa matabwa kapena wokonza galimoto kuti baas. Kumeneko liwuli lidasunga tanthauzo lake la umisiri. Nawonso amalinyero a Chingerezi adalimva m'madoko, ndipo m'zolembedwa za m'ma 1620 likupezeka ngati dzina loitanira mkulu wa chombo cha Adatchi.

Tsopano tigwire njira yoyamba, ya ku Amereka. M'chaka cha 1609 Henry Hudson, Mngerezi wolembedwa ntchito ndi kampani ya Adatchi, adalowa ndi chombo chake mumtsinje umene lero umadziwika ndi dzina lake. Adatchi adatsatira kudzagula zikopa za nyama kwa eni dziko, ndipo cha m'ma 1625 adayamba kumanga mudzi kunsonga ya chilumba cha Manhattan, nautcha New Amsterdam. M'chaka cha 1626 mkulu wawo Peter Minuit adapatsa eni dzikowo katundu wokwana ndalama 60 za Chidatchi, Adatchiwo n'kumati agula chilumba chonse. Sipadapite nthawi, liwu lathu lidaonekera m'zolemba za Angerezi okhala chakumpoto kwawo. M'chaka cha 1635 John Winthrop, mmodzi wa atsogoleri a Angerezi a ku Massachusetts, adalemba za kufika kwa Lion Gardiner, katswiri womanga malinga a nkhondo amene adagwirapo ntchito ku Netherlands. Pofotokoza udindo wa munthuyo, Winthrop adatenga liwu la Chidatchi loti "werkbaas", ndiye kuti kapitawo wa ntchito, ngakhale adalilemba monga momwe khutu lake la Chingerezi lidamvera.

M'chaka cha 1664 zombo zinayi za nkhondo za Angerezi zidaima padoko la New Amsterdam. Bwanamkubwa wa Adatchi, Peter Stuyvesant, ataona kuti anthu ake sakufuna kumenya nkhondo, adapereka mudziwo, ndipo Angerezi adautcha New York polemekeza James, Duke of York, mng'ono wa Mfumu Charles II. Mbendera idasintha koma anthu adatsala. Mabanja a Adatchi adapitiriza kulima m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, ndipo chinenero chawo chidamvekabe m'nyumba ndi m'matchalitchi kwa zaka zoposa 150. Martin Van Buren, amene adakhala pulezidenti wachisanu ndi chitatu wa Amereka kuyambira 1837 mpaka 1841, adabadwira ku Kinderhook, ndipo chinenero chimene adayamwira chidali Chidatchi. Maina a malo monga Harlem ndi Brooklyn ndi a midzi ya ku Netherlands, Haarlem ndi Breukelen. Mawu monga "cookie" ndi "Santa Claus" adalowa m'Chingerezi kudzera pomwepo. M'gulu lomwelo mudalinso "baas", limene olankhula Chingerezi adalitchula ndi kulilemba kuti "boss".

Funso lalikulu nali: Chingerezi chidali nalo kale liwu lake loti "master", ndiye n'chifukwa chiyani anthu adalisiya n'kukatola la alendo? Yankho lake lili m'mbiri ya ukapolo. Ku Amereka, amene ankati "master" adali kapolo wakuda poitana mbuye wake, ndiponso mzungu wosauka amene adawoloka nyanja pangongole, n'kudzimanga kutumikira munthu zaka zinayi kapena zisanu ndi ziwiri kuti abweze ndalama za ulendo. Amereka atalengeza ufulu wake m'chaka cha 1776, azungu ogwira ntchito yolipidwa adayamba kukana mawu onse onunkha ukapolo. Mmisiri wa ku New York ankati iye ndi mfulu, amavota, ndipo alibe mbuye. Komabe pantchito padafunika dzina la munthu wolamula ndi wolipira malipiro. Liwu la Adatchi lidali pafupi, ndipo m'makutu a olankhula Chingerezi lidalibe mbiri yoipa. Motero m'zaka zoyambirira za m'ma 1800 lidafala kuchokera ku New York kunka m'dziko lonse.

Si onse adakondwera nazo. Mlembi wotchuka James Fenimore Cooper, m'buku lake lotchedwa The American Democrat la m'chaka cha 1838, adadzudzula mchitidwewu. Iye adati antchito achizungu akuthawa liwu loti "master" chifukwa choti akapolo akuda ndiwo ankalinena, chonsecho liwu limene athawirako likutanthauza chimodzimodzi m'Chidatchi. Pa tanthauzo la m'buku, Cooper sadaname. Koma antchitowo ankaona chinthu china: "master" ankakhala mwini wa munthu usana ndi usiku, pamene "boss" ankalamula munthu kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, ndipo wantchito akatopa naye ankatha kumusiya n'kukafuna wina.

Komabe tisaiwale kuti ufulu umenewu udali wa azungu okha. Kampani ya Adatchi idabweretsa akapolo a ku Afirika ku New Amsterdam mudziwo ukadali wakhanda, ndipo ukapolo m'boma la New York udatha m'chaka cha 1827. Mayi wotchuka pa nkhondo yothetsa ukapolo, Sojourner Truth, adabadwa kapolo cha m'ma 1797 m'famu ya Adatchi ku Ulster County, ndipo ali mwana ankalankhula Chidatchi chokha. Ngakhale ukapolo utathetsedwa m'dziko lonse m'chaka cha 1865, m'zigawo za kumwera munthu wakuda ankayembekezeka kuitana mzungu aliyense kuti "boss", pamene mzunguyo ankamuitana iye kuti "boy", ndiye kuti mnyamata, ngakhale akhale wa imvi.

Liwuli lidalowanso m'ndale. M'zaka za m'ma 1860 mzinda wa New York udali m'manja mwa William Tweed, mkulu wa gulu la ndale la Tammany Hall, amene aliyense ankamutcha Boss Tweed. Iye ankagawa ntchito za boma kwa omutsatira, ankagula mavoti, ndipo iye ndi anzake adaba mamiliyoni ambiri a madola kudzera m'mitengo yabodza ya zomangamanga. Adamangidwa m'chaka cha 1871, adathawa m'ndende mu 1875 mpaka kukafika ku Spain, adagwidwa ndi kubwezedwa, ndipo adafera m'ndende m'chaka cha 1878. Kuyambira nthawi imeneyo "boss" lidatanthauzanso munthu wogwira chipani kapena mzinda m'dzanja lake, ndipo pambuyo pake mkulu wa gulu la zigawenga. Kuchokera ku Amereka liwuli lidawolokera ku Mangalande, ndipo Chingerezi chidalimwaza padziko lonse.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, tigwire njira yachiwiri. Pa 6 April 1652 Jan van Riebeeck adafika ku Cape atatumidwa ndi kampani ya VOC kuti akakhazikitse malo opumulira zombo zopita kum'mawa, kumene amalinyero akadapeza madzi, nyama ndi ndiwo zamasamba. M'chaka cha 1657 kampani idamasula ena mwa antchito ake kuti akalime paokha pa malo amene Akhoikhoi ankadyetsapo ng'ombe zawo. M'chaka chotsatira, 1658, zombo zoyamba zodzaza akapolo zidakocheza. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti pofika 1808 akapolo pafupifupi 63,000 adali atabweretsedwa ku Cape kuchokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi ku Mozambique. Mwa amene ankagulitsidwa m'madoko a Mozambique mudali anthu ogwidwa kumtunda, m'madera a mtsinje wa Zambezi ndi a kufupi ndi nyanja yathu ino. Kwa zaka zambiri za m'ma 1700 akapolo ku Cape adali ochuluka kuposa azungu aufulu.

Apa ndi pamene liwu lathu lidasinthira nkhope. Ku Netherlands munthu ankakhala baas chifukwa cha luso, ndipo wophunzira ankadzakhala baas. Ku Cape munthu ankabadwa baas, ndipo kapolo ankafa kapolo, ana ake n'kulowa m'malo mwake. Amisiri ambiri a ku Cape Town, omanga nyumba, osoka zovala ndi opala matabwa, adali akapolo, koma dzina loti baas lidapita kwa amene adawagula, kaya ankadziwa kugwira nyundo kaya ayi. M'Chidatchi cha ku Cape, chimene chidadzakhala chinenero cha Afrikaans, mudaphuka mawu oti "oubaas", bwana wamkulu, ndi "kleinbaas", bwana wamng'ono. Nkhalamba ya zidzukulu inkavula chipewa n'kunena "kleinbaas" kwa kamwana koyamba kumene kuyenda. Kwa ife amene timadziwa kuti mwana ndiye amagwada pamaso pa mkulu, palibe chosonyeza kupotoka kwa zinthu kuposa chimenechi.

Angerezi adalanda Cape mu 1795, nailandanso kachiwiri mu 1806. Ukapolo udathetsedwa pa 1 December 1834, ngakhale akapolowo adakakamizidwa kutumikirabe ambuye awo zaka zina zinayi. Mabunu ambiri, posakondwa ndi ulamuliro wa Angerezi, adamanga ng'ombe pangolo n'kulowera kumpoto, ndipo malamulo a dziko lawo la Transvaal a m'chaka cha 1858 adanena poyera kuti sipadzakhala kufanana pakati pa mzungu ndi munthu wakuda, m'tchalitchi ngakhale m'boma. Ku Cape komweko, lamulo la mabwana ndi antchito la m'chaka cha 1856 lidati wantchito wothawa ntchito, wokana lamulo kapena wonyoza bwana wake wapalamula mlandu woyenera ndende. Malamulo a mtundu umenewu adakhalapo kufikira 1974, pamene adafafanizidwa ogwira ntchito m'migodi ya ku Amereka atakana kuti malasha a ku South Africa alowe m'dziko mwawo, ponena kuti adakumbidwa ndi anthu okakamizidwa. Onani kusiyana kwake, omvera: wantchito wa ku New York ankatha kumusiya "boss" wake, koma wa ku South Africa akamusiya "baas" wake ankatsatidwa ndi apolisi.

Makolo athu adakumana ndi liwuli m'migodi. Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo eni migodi adakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito limene tonse timalidziwa kuti Wenela. Bungweli lidayamba kulemba anthu a ku Nyasaland mu 1903. Ambiri adafa ndi chibayo, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto, ndipo chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi imeneyo. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo adafa. Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina loti TEBA, ife timati Theba, ndipo kudatheratu mu 1988.

Pansi pa mgodi anthu ankalankhula Fanakalo, chinenero chosakaniza Chizulu, Chingerezi ndi Afrikaans, chimene ntchito yake yaikulu idali kupereka ndi kulandira malamulo. Mzungu aliyense adali baas. Munthu wakuda woyang'anira gulu la anzake ankatchedwa "baas-boy", dzina lophatikiza ubwana ndi unyamata pamodzi. Nthawi zambiri munthu ameneyu ndiye ankadziwa kulira kwa mwala umene uli pafupi kugwa, ndipo ndiye ankalangiza azungu achinyamata ongofika kumene. Koma lamulo la migodi la m'chaka cha 1911, limene lidalimbitsidwa mu 1926, lidasungira azungu ntchito za luso, ndipo chitupa cholola munthu kuphulitsa miyala sichinkaperekedwa kwa munthu wakuda kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Njira ija ya ku Amsterdam, yoti wophunzira adzakhale baas, idatsekedwa ndi lamulo la boma.

Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana ndi zimenezi adali mwana wa dziko lino. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe m'boma la Nkhata Bay, ndipo wophunzira ku Livingstonia, adakhazikitsa bungwe la antchito lotchedwa ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Kumapeto kwa chaka chomwecho bungweli lidatsogolera sitalaka ya ogwira ntchito padoko, ndipo pofika 1927 lidali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ambiri a iwo antchito a m'mafamu, kumene liwu loti baas linkalemera koposa. Bungwelo lidagawanika pasanapite zaka zambiri, ndipo Kadalie adamwalira ku East London mu 1951, koma adaonetsa kuti antchito akuda atha kuyankhula ndi owalemba ntchito ataimirira.

Chipani cha National chitapambana chisankho cha 1948, tsankho lidakhala lamulo la dziko m'mbali zonse za moyo. J. G. Strijdom, amene adali nduna yaikulu kuyambira 1954 mpaka 1958, sankabisa mawu: cholinga chake ankachitcha "baasskap", ndiye kuti ubwana, kunena kuti mzungu akhale pamwamba nthawi zonse. Womulowa m'malo, Hendrik Verwoerd, amene adabadwira ku Amsterdam, adaona kuti liwulo likuipitsa dzina la boma kunja, ndipo adayamba kunena za chitukuko cha mtundu uliwonse paokha. Koma anthu a m'malokeshoni sadaone kusintha. Mu 1969 boma la John Vorster lidakhazikitsa nthambi ya akazitape yotchedwa Bureau for State Security, ndipo manyuzipepala adaifupikitsa kuti BOSS. Dzinalo lidakakamira mpaka nthambiyo idasinthidwa mu 1978. Motero mawu awiri aja, amene adasiyana padoko la Amsterdam zaka 300 m'mbuyomo, adakumananso ku Pretoria. Pakati pa anthu akuda, munthu wogonjera mzungu pa chilichonse ankanyozedwa ndi dzina loti "ja-baas", ndiye kuti "inde bwana". Ulamuliro wa baasskap udatha ndi chisankho cha pa 27 April 1994, chimene chidaika Nelson Mandela pampando.

Kwawo ku Netherlands liwuli likadali ndi moyo wake wa pakhomo. Mwini nyumba ya lendi ndi "huisbaas". Munthu wodzilemba yekha ntchito amati ndi "eigen baas", bwana wa iye mwini. Kamnyamata kakang'ono amakatcha "baasje", ndipo dzina lomwelo limaperekedwa kwa mwini galu. Ali nawonso mwambi woti "baas boven baas", wotanthauza kuti pamwamba pa bwana aliyense pali bwana wina, ndipo wodziwa aliyense ali naye womuposa.

Kuno kwathu liwuli lidafika kawiri. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed amene adayamba ntchito ku Mvera mu 1889 adachokera ku Cape, koma m'Nyasaland mzungu ankatchedwa bwana ndipo mkazi wake dona. Amene adabwera nalo liwu loti baas ndi abale athu obwerera ku Joni, pamodzi ndi mawu ena monga "buluku", lochokera ku "broek", ndi "Mabunu", lochokera ku "boer", limene m'Chidatchi limangotanthauza mlimi. Koma "baas" silidamere mizu m'Chichewa. Lidatsala m'nkhani za akuluakulu. Limene lidamera ndi "bosi", lodzera m'Chingerezi cha m'maofesi, m'masukulu ndi m'makanema. Tichenjezane pang'ono: liwu lathu loti "basi", lonena kuti zakwana, silili pachibale ndi baas, chifukwa mnzake ali m'Chiswahili ndipo gwero lake ndi Chiperezi, ndipo basi yokwera idachokera ku liwu la Chilatini loti "omnibus", kutanthauza kuti ya onse.

Nanga tikutolapo chiyani pa ulendo wonsewu? Liwu limodzi lidatanthauza tate wa banja ku Antwerp, mmisiri ku Ceylon, wolemba ntchito amene ungathe kumusiya ku New York, ndi mbuye amene sungathe kumuyankha ku Transvaal. Zilembo zake sizidasinthe kwenikweni. Chimene chidasintha ndi khalidwe la oitanidwa ndi malamulo amene adali kumbuyo kwawo. Cooper ankaganiza kuti kusintha dzina n'kudzinamiza, ndipo Verwoerd ankaganiza kuti kusintha dzina n'kokwanira. Mbiri yaonetsa kuti dzina limalemera kapena kupepuka malinga ndi zimene zikuchitika pakati pa woitana ndi woitanidwa.

Lero ambiri mwa oitanidwa kuti bosi kapena bwana m'dziko muno ndi Amalawi anzathu: mwini sitolo, kapitawo wa pa esiteti, mkulu wa ofesi, mayi wolemba mtsikana wantchito pakhomo. Ulemu ndi chuma cha mtundu wathu, ndipo palibe cholakwika kuti wantchito alemekeze womuyang'anira. Koma inu amene mumaitanidwa ndi dzinali, dzifunseni mafunso atatu amene mbiriyi yatipatsa. Kodi ntchito imene mukulamula mumaidziwa? Kodi amene ali pansi panu angathe kukuuzani kuti mwalakwa, osaopa kuti mawa agona ndi njala? Kodi mukumuphunzitsa kuti tsiku lina adzakhale pamene mulipo? Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo amene walandira dzina la ubwana walandiranso mafunso amenewa.